Owongolera ndege a ku America ndi aphungu awo: mafunso ndi mayankho okhudza NATCA

Boma la America likangotsekedwa chifukwa aphungu alephera kugwirizana pa bajeti, ena mwa anthu oyamba kuoneka pa TV amakhala owongolera ndege, ataima pabwalo la ndege akugawira apaulendo timapepala. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa kawirikawiri za bungwe lawo komanso mmene limalowerera ndale za ku Washington. Oyambirira ndi a munthu amene akungoimva kumene nkhaniyi, akumapeto ndi a amene akufuna kudziwa za mkati.

NATCA n'chiyani, ndipo anthu ake amagwira ntchito yanji?

NATCA ndi chidule cha National Air Traffic Controllers Association, bungwe loimira owongolera ndege ku United States. Boma linalivomereza mu Juni 1987, likulu lake lili ku Washington, ndipo ndi membala wa AFL-CIO, mgwirizano waukulu wa mabungwe a ogwira ntchito m'dzikomo. Limaimira anthu pafupifupi 20,000. Ochuluka ndi owongolera ndege, koma mulinso mainjiniya ndi akatswiri ena a zachitetezo cha ndege.

Tisasokoneze owongolera ndi oyendetsa. Woyendetsa ali mlengalenga. Wowongolera ali pansi, chomvera chili m'khutu, akumuuza mnzakeyo nthawi yonyamuka, pofika pokwera, kokhotera ndi msewu woterapo. Ena amakhala mu nsanja imene mumaiona pabwalo la ndege, koma ena ambiri simungawaone n'komwe chifukwa amakhala m'zipinda zamdima zopanda mawindo, maso ali pa radar, nthawi zina kutali kwambiri ndi bwalo lomwe ndegeyo ikupita. Bwana wawo ndi Federal Aviation Administration, FAA, nthambi ya unduna wa zamtengatenga imene imayang'anira maulendo a ndege pafupifupi 45,000 tsiku lililonse.

Bungwe la ogwira ntchito likukafunanji kunyumba ya malamulo? Bwanji osangokambirana ndi bwana wawo?

Chifukwa bwanayo sasunga chikwama. FAA ingalonjeze kulemba anthu ena ntchito, kugula radar yatsopano kapena kukonza nsanja yodontha, koma dola iliyonse imatuluka pokhapokha Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, italoleza. Zaka zopumira pantchito, penshoni, ngakhale njira yothetsera mkangano pakati pa bungweli ndi FAA, zonsezi zinalembedwa m'malamulo, ndipo amene angazisinthe ndi aphungu 435 a House of Representatives ndi masenata 100 a Senate.

Chifukwa chachiwiri n'chachikulu kuposa choyambacho: anthuwa saloledwa kunyanyala ntchito. Bungwe lina likakwiya limatseka geti la fakitale mpaka abwana atagonja. NATCA ilibe chida chimenecho, motero mphamvu zonse zimene anzawo amathera pa sitalaka, iyo imathera m'makonde a Congress. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Sitalaka inaletsedwa bwanji? Ndimamva dzina la Reagan pankhaniyi.

Reagan sanapange lamulolo, analipeza. Ogwira ntchito m'boma lalikulu la America ankaletsedwa kale kunyanyala ntchito, ndipo munthu aliyense polowa ntchito amasaina lumbiro loti sadzachita sitalaka. Chimene chinachitika mu 1981 n'chakuti bungwe lakale la owongolera ndege, PATCO, linaganiza kuti boma silingayerekeze kuligwiritsa ntchito lamulolo. Linkafuna kuti malipiro akwere ndi $10,000 pachaka, sabata yantchito ikhale ya maola 32, ndiponso penshoni ikonzedwe. Pa 3 Ogasiti anthu pafupifupi 13,000 sanapite kuntchito. Pulezidenti Ronald Reagan anawapatsa maola 48, ndipo pa 5 Ogasiti anachotsa ntchito anthu 11,345 n'kuwaletsa kudzabwereranso. Pofika Okutobala PATCO inali italandidwa mphamvu zoimira ogwira ntchito. Ndege zinapitiriza kuuluka, ngakhale zochepa, mothandizidwa ndi mabwana, anthu amene sananyanyale nawo, komanso asilikali.

Chowawa n'chakuti PATCO yomweyo inali itaima pambuyo pa Reagan pachisankho cha 1980. Bill Clinton anachotsa chiletsocho mu 1993, koma amene anabwerera anali ochepa. NATCA inayambitsidwa makamaka ndi anthu amene analembedwa kuti alowe m'malo mwa ochotsedwawo, ndipo pasanathe zaka 6 iwonso anali atatopa ndi ntchito yochuluka ndi zipangizo zakale. Kusiyana kwake n'kwakuti bungwe latsopanoli linanena poyera kuyambira pachiyambi kuti sitalaka silidzachita.

Nanga kunyengerera aphunguko amachita bwanji kwenikweni?

Ku likulu kuli anthu olembedwa ntchito imeneyi yokha, amene amawerenga mabilu ndi kudziwana ndi alembi a makomiti. Koma msana wa ntchitoyi ndi mamembala eniake. Bungweli lili ndi komiti yoona za malamulo yokhala ndi nthumwi zochokera m'zigawo zonse, ndipo m'malo ambiri ogwirira ntchito muli munthu amene udindo wake ndi kudziwana ndi phungu wa deralo. Chaka chilichonse mamembala mazanamazana amasonkhana pamwambo wotchedwa NATCA in Washington. Amayamba ndi kuphunzira zoti akanene, kenako amabalalika kupita m'maofesi a aphungu ku Capitol Hill, kumene kuli Congress.

Msonkhano wake sukhala wochititsa kaso. Anthu atatu kapena anayi ochokera kudera la phunguyo amalowa mu ofesi yothina, ndipo kawirikawiri sakumana ndi phungu mwiniwake koma wothandizira wake wachinyamata amene amamulembera za zamtengatenga. Nthawi imakhala mphindi 15, mwina 20. Mmodzi anena kuti pamalo pawo payenera kukhala anthu angati ndipo alipo angati, wina afotokoza mmene sabata ya masiku 6 imathera munthu, ndiye asiya pepala limodzi lokhala ndi nambala ya bilu ndi pempho lomveka: saina nawo, kapena votera. Chimene chimapatsa mawu awo kulemera n'chakuti olankhulawo amavota m'dera lomwelo.

Njira ina yamphamvu ndi kuitanira phungu kuntchito. Munthu amene wakhala theka la ola atavala chomvera, akumva wowongolera mmodzi akulankhula ndi ndege zambirimbiri motsatizana, satuluka ali chimodzimodzi. Palinso kuperekera umboni pamaso pa makomiti, makamaka House Transportation and Infrastructure Committee ndi Senate Commerce Committee, komanso kumema mamembala kuti aimbe mafoni ndi kulemba makalata bilu ikayandikira voti.

Kodi chimenechi si katangale wovala suti?

Mwalamulo ayi. Malamulo oyendetsera dziko la America amapatsa nzika ufulu wokadandaula ku boma, ndipo lamulo la 1912, Lloyd-La Follette Act, linatsindika kuti ogwira ntchito m'boma nawonso angakalankhule ndi Congress popanda kuchotsedwa ntchito. Olembedwa ntchito yonyengerera aphungu amalembetsa pansi pa Lobbying Disclosure Act ya 1995, ndipo miyezi 3 iliyonse amapereka lipoti la ndalama zimene awononga ndi nkhani zimene akhala akukankha. Malipotiwa aliyense angathe kuwawerenga pa intaneti. Mphatso kwa aphungu zinachepetsedwa kwambiri ndi lamulo la 2007.

Komabe funsoli si lopusa. Phungu amene walandira thandizo la kampeni amayankha foni msanga kuposa amene sanalandire, ndipo aliyense ku Washington amadziwa zimenezi. Ndalamayo sigula voti mwachindunji, imagula khomo lotseguka. Chimene tinganene mowateteza n'chakuti makampani a ndege, opanga ndege ndi eni ndege zawozawo onse ali kale m'makonde omwewo ndi zikwama zonenepa kuposa za NATCA. Bungwe loti lingakhale kunyumba chifukwa chonyansidwa likhoza kudzangomva pawailesi kuti penshoni yasintha.

Ndalama zopita ku kampeni za aphungu zimachokera kuti? Ndi zimene mamembala amadulidwa pamwezi?

Ayi, ndi matumba awiri osiyana, ndipo lamulo limaletsa kuwasakaniza. Ndalama za umembala zingalipire olankhula ndi aphungu, maulendo ndi timapepala, koma sizingaperekedwe kwa munthu wopikisana nawo pachisankho. Zopita ku kampeni zimachokera m'thumba lapadera, NATCA PAC, limene membala amasonkhamo mwa kufuna kwake, ambiri pochita kudulitsa pang'ono pa malipiro. Thumba lotere silingapatse munthu mmodzi ndalama zoposa $5,000 pachisankho chimodzi, ndipo chisankho cha chipulula chimawerengedwa pachokha. Zonse zimalembedwa ku Federal Election Commission, bungwe la boma loona za ndalama za kampeni.

Dziwaninso kuti m'boma lalikulu la America palibe amene amakakamizidwa kulowa bungwe la ogwira ntchito kapena kulisonkhera. Wosalowa amadyabe nawo zimene anzake akambirana.

Wogwira ntchito m'boma amaloledwa bwanji kuchita ndale?

Malire ake ali mu Hatch Act, lamulo la 1939 limene linafewetsedwa mu 1993. Wowongolera ndege angavote, angalowe chipani, angapereke ndalama zake ku kampeni, angathandize munthu amene akumufuna akaweruka kuntchito. Chimene sangachite ndi ndale za chipani ali pantchito, m'nyumba ya boma, pagalimoto ya boma kapena pa kompyuta ndi imelo ya boma. Sangaime pachisankho cha zipani. Sangapemphenso ndalama za ndale, kupatulapo pang'ono pokha: angapemphe membala mnzake wa bungwe lomwelo kuti asonkhe ku PAC, bola asakhale munthu amene amamuyang'anira, ndipo zisachitikire pantchito. Wophwanya lamuloli angathe kuchotsedwa ntchito.

Kupita kukauza phungu kuti avotere bilu inayake sikuwerengedwa ngati ndale za chipani. N'chifukwa chake mwambo wa ku Washington umene tafotokoza pamwambapa ndi wololedwa.

NATCA ili kumbali ya chipani chiti?

Pachisankho cha pulezidenti imapendekera ku Democratic Party: inaima pambuyo pa Barack Obama mu 2008 ndi Joe Biden mu 2020. Koma ku Congress imasamala kwambiri kukhala ndi abwenzi mbali zonse, ndipo PAC yake imapereka gawo looneka kwa aphungu a Republican Party, mosiyana ndi mabungwe ambiri a ogwira ntchito. Si kukoma mtima. Ulamuliro wa House umasinthasintha, ndipo wapampando wa komiti lero akhoza kukhala wotsutsa pakatha zaka 2. Ena mwa anthu amene anawamenyera nkhondo kwambiri anali ma Republican, monga Steve LaTourette wa ku Ohio ndi Frank LoBiondo wa ku New Jersey.

"White Book" imene mamembala akale amaitchula mokwiya ndi chiyani?

Imeneyi ndi nkhani imene imasonyeza bwino chifukwa chake bungweli silichoka ku Congress. Lamulo la 1996 linalola FAA kukambirana za malipiro ndi mabungwe a antchito ake, chinthu chosowa m'boma la America. Koma linali ndi msampha: zokambirana zikakanika, FAA inkangotumiza maganizo ake omaliza ku Congress, ndipo aphungu akakhala chete masiku 60, maganizowo ankayamba kugwira ntchito okha.

Mu 2006, mkulu wa FAA ali Marion Blakey, zinachitikadi choncho. NATCA inathamangira kwa aphungu. Obama, panthawiyo ali seneta, anali atapereka bilu yosintha njirayo, ndipo ku House bilu ya LaTourette inapeza mavoti 271 kwa 148. Inapambana pa chiwerengero koma inagwa, chifukwa inabweretsedwa mwa njira yofuna magawo awiri mwa atatu. Mu Seputembala chaka chomwecho FAA inakhazikitsa malamulo akeake m'kabuku ka chikuto choyera. Malipiro a olowa kumene anatsika ndi pafupifupi 30 peresenti, a akale ambiri anaima, ndipo panabwera lamulo la kavalidwe loletsa jinzi ndi nsapato za masewera kwa anthu ogwira ntchito m'zipinda zamdima momwe palibe mlendo amawaona.

Nthawi yake inali yoipa. Anthu amene analembedwa pambuyo pa sitalaka ya 1981 anali akukwanitsa zaka 25 zantchito, zowayeneretsa kupuma, ndipo ambiri anangotenga penshoni n'kumapita. Mu 2009 boma la Obama linabweretsa amkhalapakati otsogozedwa ndi Jane Garvey, mkulu wakale wa FAA, ndipo panatuluka mgwirizano watsopano, "Red Book". Chachikulu chinadza mu 2012, pamene Congress inalemba m'lamulo kuti zokambirana zikakanika nkhani izipita kwa amkhalapakati amene chigamulo chawo chimamanga mbali zonse. Zinatenga zaka 6.

Ndimamva za "reauthorization" komanso za bajeti. N'zosiyana?

N'zosiyana, ndipo bungweli limamenya nkhondo ziwiri. Lamulo loyamba limapatsa FAA chilolezo chogwira ntchito kwa zaka zingapo, limanena zoti ichite, ndiponso limalola boma kutolera misonkho ya matikiti. Lachiwiri ndi la chaka ndi chaka, lotulutsa ndalama zenizeni, ndipo limadutsa m'makomiti ena. Mungapambane koyamba n'kuluza kwachiwiri.

Chilolezo cha FAA chitatha mu 2007, Congress inakhala ikungowonjezera masiku pang'onopang'ono maulendo 23 isanapange lamulo lokhazikika mu Febuluwale 2012. Pakati pake, mu Julayi 2011, chilolezocho chinatheratu kwa milungu iwiri, ogwira ntchito pafupifupi 4,000 anakhala pakhomo ndipo ntchito zomanga m'mabwalo a ndege zinaima. Lamulo limene lilipo tsopano linasainidwa pa 16 Meyi 2024 ndipo lifika mpaka 2028. Linadutsa ndi mavoti 88 kwa 4 ku Senate ndi 387 kwa 26 ku House, mgwirizano umene suonekaoneka ku Washington masiku ano.

Boma likatsekedwa, owongolera ndege zimawathera bwanji?

Amawerengedwa m'gulu la anthu amene ntchito yawo singaime, choncho amapitabe kuntchito koma osalandira malipiro mpaka boma litatsegulidwa. Ndalamazo amadzalandira pambuyo pake, koma lendi ndi sukulu ya mkaka ya ana sizidikira. Kuyambira pa 22 Disembala 2018 mpaka pa 25 Januwale 2019, masiku 35, anadumpha malipiro kawiri. Sukulu ya FAA ya ku Oklahoma City, kumene owongolera atsopano amaphunzira, inatsekedwa. NATCA, motsogozedwa ndi Paul Rinaldi, inasumira boma kukhoti pa 11 Januwale, inachita misonkhano ku Washington, ndipo pamodzi ndi mabungwe a oyendetsa ndege ndi a othandiza apaulendo m'ndege inachenjeza kuti chitetezo chikufooka. Anzawo a ku Canada ankawatumizira pizza kuntchito.

Mu 2025 zinafika poipa kuposa apo: masiku 43, kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 12 Novembala, kutsekedwa kotalika kuposa konse m'mbiri ya dzikolo kufikira nthawiyo. Pulezidenti wa bungweli, Nick Daniels, ankafotokozera atolankhani za mamembala ake amene ankayendetsa Uber ndi kuperekera anthu zakudya akaweruka. Pa 7 Novembala FAA inayamba kuchepetsa maulendo a ndege m'mabwalo akuluakulu 40.

Akuti ndi owongolera ndege amene anathetsa kutsekedwa kwa 2019. Imeneyo si sitalaka yobisa?

Zimene zinachitika ndi izi. M'mawa wa pa 25 Januwale 2019 owongolera 10 okha, ena ku Virginia ena ku Florida, anaimba kuti akudwala. Malo awiriwo anali kale operewera anthu, ndiye ndege zopita ku LaGuardia ku New York zinaimitsidwa kwa kanthawi ndipo kuchedwa kunafalikira ku Newark ndi Philadelphia. Madzulo a tsiku lomwelo Pulezidenti Donald Trump anavomera kutsegula boma. NATCA inakana kuti inakonza zimenezi, ndipo nthawi zonse imachenjeza mamembala ake kuti kupangana zodwalira limodzi n'kuphwanya lamulo, kungathetse bungwe lonse monga PATCO. Kumbukiraninso kuti malamulo a ntchitoyi amaletsa munthu kukhala pa radar ngati watopa kwambiri kapena wamwa mankhwala ena, ngakhale a chimfine.

Koma pali choonadi chimene bungweli silinganene mokweza. Aphungu amathamanga ndege zikachedwa kuposa mmene amathamangira akalandira pepala. Mu Epulo 2013, pamene kudula bajeti kunakakamiza owongolera kukhala pakhomo tsiku limodzi pa milungu iwiri iliyonse, maulendo masauzande anachedwa, ndipo pasanathe sabata Congress inali itadutsitsa Reducing Flight Delays Act yolola FAA kusuntha $253 miliyoni. Aphungu nawonso amakwera ndege kupita kwawo kumapeto kwa sabata. Ntchito ya onyengerera ndi kuonetsetsa kuti tsiku loterolo likafika, bilu yolembedwa kale ili pa tebulo ndipo ali ndi anthu oti aikankhe.

Ndili ndi ulendo wa ku America. Zimenezi zingandikhudze?

Zingakukhudzeni, makamaka pa ndege yachiwiri. Ngati mwachoka ku Lilongwe kapena Lusaka kudzera ku Addis Ababa n'kukatera ku Washington Dulles, kapena kudzera ku Johannesburg n'kukatera ku Newark kapena Atlanta, ndege yaikuluyo kawirikawiri imafika. Lamulo lochepetsa maulendo la mu Novembala 2025 silinakakamize makampani kudula maulendo ochokera kunja. Imene imachedwa kapena kulephereka ndi ndege yaing'ono yokutengani kupita mumzinda wa mkati. Boma likatsekedwa siyani maola ochuluka pakati pa ndege ziwirizo, ndipo gulani ulendo wonse pa tikiti imodzi kuti kampani ikupezereni ina ngati mwaiphonya.

Akupempha chiyani kuti zotsekedwazi zisamawakhudze?

Pempho lawo lalikulu kwa zaka zoposa 10 lakhala limodzi: ndalama zodalirika, zosadukiza. America ili ndi thumba lapadera, Airport and Airway Trust Fund, lokhazikitsidwa mu 1970, limene limadzazidwa ndi misonkho ya paulendo wa pandege, monga 7.5 peresenti ya mtengo wa tikiti ya ulendo wa m'dziko momwemo. Gawo lalikulu la bajeti ya FAA limachokera mmenemo. Boma likatsekedwa apaulendo amalipirabe msonkhowo, thumba limadzazabe, koma FAA singatapemo popanda chilolezo cha chaka chimenecho. Mu 2019 phungu Peter DeFazio wa ku Oregon anapereka Aviation Funding Stability Act yoti FAA izitapa m'thumbamo pa nthawi yotere, ndipo bilu yofanana nayo yakhala ikubwereranso.

Imapeza osaina ambiri a zipani zonse koma sinakhalebe lamulo. Makomiti ogawa ndalama safuna kutaya mphamvu zawo. Ndipo pali chifukwa china chosanenedwa: ndege zikamauluka bwinobwino boma lili lotseka, ululu umene umakakamiza andale kugwirizana uchepa, ndipo kutsekedwa kungatalike. Owongolera ndege akugwiritsidwa ntchito ngati chikole, ndipo mbali zonse ziwiri zimapindula nacho chikolecho.

N'zoona kuti bungweli linavomereza zochotsa ntchitoyi m'manja mwa boma?

N'zoona, ndipo ambiri anadabwa. Mu 2016 Bill Shuster, wa Republican wa ku Pennsylvania amene anali wapampando wa komiti ya zamtengatenga ku House, anapereka bilu yopereka ntchito yowongolera ndege ku kampani yosafuna phindu, potengera NAV CANADA imene yakhala ikuchita zimenezi ku Canada kuyambira 1996. NATCA, imene inkadziwika ndi kudana ndi zogulitsa ntchito za boma, inaivomereza chifukwa inkateteza malipiro, penshoni ndi mgwirizano wawo, ndiponso inkachotsa ndalama zawo m'manja mwa mikangano ya bajeti. Inanenetsa kuti kampani yofuna phindu siingaivomere.

Ma Democrat ambiri, amene ndi abwenzi ake a nthawi zonse, anaikana. Anaikananso mabungwe a eni ndege zazing'ono ndi ndege za makampani, AOPA ndi NBAA, poopa kuti makampani akuluakulu a ndege adzalamulira bodi, komanso PASS, bungwe la amisiri okonza zipangizo a FAA yomweyo. Trump anaiyamikira mu Juni 2017, koma mavoti sanakwane ndipo Shuster anaisiya kumayambiriro kwa 2018.

M'mayiko ena nakonso owongolera ndege amangodalira aphungu?

Ayi. Ku France amachita sitalaka kawirikawiri, moti mu 2023 dzikolo linapanga lamulo loti aliyense wofuna kunyanyala azidziwitsa abwana kutatsala masiku awiri. Ku Spain, mu Disembala 2010, owongolera atasiya ntchito mwadzidzidzi boma linalengeza nyengo ya ngozi n'kuika nsanja m'manja mwa asilikali. Ku Britain kampani ya NATS inagulitsidwa mbali ina mu 2001, boma n'kutsala ndi 49 peresenti, choncho zokambirana zambiri zimachitika ndi kampaniyo osati ndi nyumba ya malamulo.

Pa nkhani ya kuchepa kwa antchito, mkangano uli pati? Aliyense akuvomereza kuti ndi ochepa.

Mkangano uli pa kawerengedwe. Kwa zaka zambiri FAA inkauza Congress chiwerengero chophatikiza ophunzira, amene sangakhale okha pa radar, ndipo chiwerengero chofunika pamalo aliwonse chinkachokera ku nthambi yake ya zachuma. NATCA inkati tiwerenge okhawo amene anamaliza maphunziro onse, ndipo tigwiritse ntchito manambala amene inapanga limodzi ndi nthambi ya FAA yoyendetsa ntchitoyi, m'gulu lotchedwa Collaborative Resource Workgroup. Pa kawerengedwe kameneko pakufunika anthu pafupifupi 14,600, pomwe mu 2025 analipo pafupifupi 10,800. Mu Juni 2023 ofesi yofufuza ya unduna wa zamtengatenga inapeza kuti 77 peresenti ya malo ofunika kwambiri anali pansi pa mlingo wa FAA yomwe, ndipo malo oyang'anira mlengalenga mwa New York anali pa 54 peresenti.

Lamulo la 2024 linapatsa bungweli zambiri zimene linkafuna: linalamula FAA kulemba anthu ochuluka mmene sukulu yake ingathere kwa zaka 5, ndi kuyamba kutsatira manambala a gulu lija. Koma munthu wolembedwa lero amatenga zaka 2 kapena 3, nthawi zina kupitirira, kuti aime payekha, ndipo ena amalephera panjira. Pakadali pano m'malo ambiri anthu akugwirabe maola 10 patsiku, masiku 6 pasabata. Ngozi ya pa 29 Januwale 2025 pafupi ndi bwalo la Reagan National ku Washington, pamene ndege ya apaulendo inaombana ndi helikopita ya asilikali n'kupha anthu 67, komanso kuzima kwa radar ndi mawailesi a ndege za ku Newark mu Epulo chaka chomwecho, zinafulumizitsa Congress kupereka $12.5 biliyoni mu Julayi 2025 yosinthira zipangizo, zina mwa izo zodalirabe mawaya akopa ndi ma floppy disk.

Ngati anthu ndi ochepa, bwanji osangokweza zaka zopumira pantchito?

Lamulo limati wowongolera ndege apume akakwanitsa zaka 56, ndipo wolowa kumene akhale wosafika zaka 31. Angapumenso msanga: pa zaka 50 ngati wagwira zaka 20, kapena pa msinkhu uliwonse ngati wagwira zaka 25. Dongosololi linayamba mu 1972 chifukwa cha mmene ntchitoyi ndi mashifiti ake osinthasintha zimathera thupi ndi maganizo. Ochepa amapatsidwa chilolezo chapadera chopitiriza mpaka zaka 61.

Maganizo okweza zakazi amabuka nthawi ndi nthawi, ndipo NATCA imawakana. Imati anthu amene amafikadi zaka 56 ali pantchito pachaka ndi ochepa kwambiri moti sangatseke dzenje la anthu masauzande, chifukwa ambiri amachoka asanafikepo. Palinso mantha ena: penshoni yawo yapadera imaima pa mfundo yakuti ntchitoyi munthu sangaigwire mpaka kukalamba, ndiye mukavomera kuti angathe mwapatsa aphungu ofuna kudula bajeti poyambira. Chimene bungweli linavomera mu 2025 ndi bonasi ya 20 peresenti ya malipiro a pachaka kwa amene akwanitsa zaka zopumira koma asanafike 56, ngati asankha kukhalabe pantchito.